Pansi pa nyumba ya Amayi ku Chilomoni: momwe ntchito ikuyendera

Kumapeto kwa Epulo

Makatoni a matailosi afika ndipo tawaunjika pakhonde, koma palibe tailosi imene ikhale pansi mwezi uno kapena wamawa. Ndayamba kulemba izi kuti abale amene mukusonkha ndalama, inu a ku Lilongwe ndi achemwali a ku Johannesburg, muzidziwa kumene ndalamazo zikulowa. Wina amene ali ndi nyumba yakale ngati yathuyi akhozanso kutolapo kanthu.

Ntchito ili pawiri. M'nyumba yakale, imene malemu Abambo anamanga m'zaka za m'ma 1980, pansi ndi simenti yofiira ija imene Amayi akhala akuipaka polishi wa Cobra Loweruka lililonse kuyambira tili ana. Kuseri tawonjezera khitchini ndi bafa, ndipo kumeneko pansi padakali dothi. Pabalaza, m'kolido, m'khitchini ndi m'bafa tiika matailosi. Kuchipinda kwa Amayi tiika vinyl, choyala pansi cha pulasitiki chomatidwa ndi guluu, chifukwa matailosi amazizira kwambiri m'miyezi ya Juni ndi Julayi, ndipo miyendo yawo sigwirizana ndi kuzizira.

Sabata ino sitinaswe kalikonse. Ine ndi amisiri tinangoyenda chokwawa m'nyumba monse, nyundo yaing'ono kudzanja ili, choko kudzanja linalo. Pamene simenti ya pamwamba yagwirana ndi konkire ya pansi, nyundo imalira kuti ngwe ngwe. Pamene zalekana imalira kuti gubu gubu, ndipo pamenepo timazunguliza choko. Pomaliza, mizere ya choko pabalaza inali itakumana pafupifupi theka la chipinda chonse.

Kenako amisiri anathira timadzi pakati pa balaza. Madziwo sanalowe. Anangoundana timadontho n'kumagubuduzika pamwamba. "Mwaona achimwene?" anatero. "Guluu wa matailosi apa agwira polishi, osati simenti." Polishiyo anagwira ntchito yake zaka zonsezi, kutseka simenti kuti isamwe kanthu, ndipo wafika mpaka mkati mwa timabowo take. Kukolopa ndi sopo sikungamuchotse.

Tinamaliza ndi kuyeza. Tinatenga paipi yoonekera mkati, n'kuidzaza madzi, wina atagwira mbali iyi wina mbali inayo. Madzi a mbali ziwirizo amaima pa msinkhu umodzi ngakhale paipi itadutsa pakhomo n'kukhota. Tinalemba mzere pakhoma m'zipinda zonse, mita imodzi kuchokera pamene tikufuna kuti phazi lizidzaponda. Titayeza kutsika kuchokera pa mzerewo, tinapeza kuti balaza ndi lopendekera: ngodya ya kuwindo ndi yotsika ndi mamilimita 35 kuyerekeza ndi pakhomo. Pangodya yomweyo penti yatupa ndipo pakhoma pali zoyera ngati mchere. Chimenecho ndi chinyezi chochokera pansi.

Meyi, kumayambiriro

Tayamba ndi kuseri, chifukwa konkire yatsopano ndi imene imadya nthawi. Muyezo wa ku Britain wa ntchito ya matailosi, BS 5385, umati konkire iume masabata osachepera 6 isanalandire matailosi kapena screed (simenti yosakaniza ndi mchenga yowongolera pamwamba pa konkire), ndipo screed nayo iume masabata atatu. Ndiye bola kuithira msanga, izidikira yokha ife tikulimbana ndi nyumba yakale.

Anyamata anapala dothi lakuda lonse ndi mizu yake. Pobwezeretsa, sitinakhuthule zonse nthawi imodzi. Timathira mamilimita 150, kuwaza madzi, kutsindira, kenako ena 150. Chotsindira chake ndi chitini cha penti chodzaza konkire, mpini wa bulugamu utazikidwa pakati. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa ndipo sionekera, n'chifukwa chake ambiri amaidumpha. Koma dothi losatsindira limatsika lokha pakapita mvula ziwiri zitatu, konkire n'kutsala m'malere.

Apulambala anayala mapaipi onse ndipo tinawadzaza madzi usiku wonse kuti tione ngati pali podontha. Titakhutira, tinapopera mankhwala a chiswe, n'kuyala mchenga wosalala kuti miyala isaboole pulasitiki. Pulasitiki wake, wotchinga chinyezi chochokera pansi, ndi wakuda wochindikala mamaikironi 250 (kotala la milimita), osati wofoletsera denga uja amene amang'ambika ndi chala. Polumikiza tinasanjikiza mamilimita 300 n'kumata ndi tepi, ndipo m'mbali tinamukweza kutsamira khoma. Waya wa BRC, wolukana uja wolimbitsa konkire, tinamuika pa timiyala ta konkire kuti akhale mkati mwa konkire, asagone pansi pamene sangathandize kanthu. Konkire ndi ya 1:2:4, simenti, mchenga ndi miyala ya kwale, kuchindikala mamilimita 100. Pamwamba sitinasalaze. Tinakanda ndi tsache lolimba isanaume kuti screed idzapeze pogwira. Tsopano yafunditsidwa masaka onyowa, ndipo ikhala choncho masiku 7.

Meyi, pakati

Za simenti yofiira ya m'nyumba yakale, panali maganizo awiri. Ena amati tingochotsa pamene palira gubu gubu, potsalapo tipale ndi gulainda. Kunena zoona zikanachepetsa simenti. Koma simenti yofiirayo yonse inathiridwa tsiku limodzi ndi manja amodzi, ndipo ngati theka lalekana kale ndi konkire, theka linalo likubwera m'mbuyo. Tinagwirizana zochotsa yonse pabalaza, m'kolido ndi kuchipinda kwa Amayi.

Amayi anakhala pakhonde tsiku loyamba, akumva tchizulo ikulira. "Simenti imeneyo bambo anu anachita kusalaza okha, usiku, ndi nyali," anatero. Sanaletse ntchito. Anangopempha kuti kachidutswa kamodzi kofiira bwino tiwasungire, ndipo tawasungira.

Simenti ya pamwambayo inali yochindikala pafupifupi mamilimita 25. Konkire ya pansi pake ndi yolimba ndithu, msomali sukulowa, ndipo nkhani yabwino ndi imeneyo. Tinaigoba paliponse mpaka miyala yake kuonekera. Fumbi la ntchito imeneyi limawononga mapapo, choncho aliyense anavala chophimba pakamwa ndi pamphuno, ndipo timawaza madzi tisanasese.

Zinthu ziwiri zinatulukira. Choyamba, pansi pa konkire yakale mulibe pulasitiki. Tinaboola pangodya yonyowa ija n'kupeza dothi lenileni. Chachiwiri, pakhomo lochokera pabalaza kulowa m'kolido pali mng'alu wowongoka, pamene konkire ziwiri zothiridwa masiku osiyana zinakumana. Mng'alu wotere sufa. Ukaukwirira umatulukiranso pamwamba, n'kudula tailosi pakati. Ndaulemba pakhoma mbali zonse ziwiri kuti tidzaudziwe pamene uli screed ikadzauphimba.

Za chinyezi cha pangodya, gwero lake linali panja. Dothi la m'dimba la maluwa linakwera zaka zonsezi mpaka kufika msinkhu wa pansi pa nyumba, ndipo madzi a padenga amagwera pomwepo. Takumba kuti dothi litsike mamilimita 150, tawaka ngalande yopita kumsewu, ndipo gatala waikidwa. Maluwa a Amayi tawasamutsira kutsogolo.

Meyi, sabata yachitatu

Mchenga woyamba tinaubweza. Pooneka unali bwinobwino, koma tinauyesa m'botolo: mchenga mpaka theka, madzi a mchere pang'ono pamwamba, kukhutchumula kwambiri, n'kuusiya maola atatu. Mchenga umakhala pansi, matope amadikha pamwamba pake, ndipo mzere wake umaoneka ndi maso. Matope akayandikira gawo limodzi mwa magawo 10, mchengawo si wa screed, ndipo uwu unapitirira pamenepo. Matope amamwa madzi ambiri, screed n'kudzang'aluka pouma ndi kumafumbutuka pamwamba. Wa lole sanakondwe, koma botolo analiona yekha. Wachiwiri ndi wa kumtsinje, wokhakhala ukaufikisa m'manja, ndipo tausefa pa sefa ya mamilimita 5.

Simenti tagula ya 42.5 (nambala ya mphamvu yake), matumba a makilogalamu 50, ndipo tawasanja pa matabwa m'chipinda chouma, osatsamiritsa kukhoma. Thumba lililonse ndinalipapasa ndekha. La mibulu yolimba silinakwere galimoto.

Muyezo wathu ndi thumba limodzi pa mawilibala awiri a mchenga, osefukira ayi, ongolekeza m'milomo. Wilibala ya omanga imalowa malita 65 ndipo thumba la simenti ndi malita pafupifupi 33, ndiye zimenezi zikupereka 1:4. Balaza ndi masikweya mita 20 ndipo lidya matumba 7. Chipinda cha Amayi ndi masikweya mita 12 okha koma chidya matumba 6, ndipo chifukwa chake ndi ichi.

Matailosi omatidwa ndi guluu wa simenti amapirira chinyezi pang'ono chochokera pansi. Vinyl sapirira. Amatseka chinyezicho, guluu wake amasungunuka, n'kuyamba kutupa ndi kununkha nkhungu. Popeza konkire yakale ilibe pulasitiki, kuchipindako tiyala pulasitiki pamwamba pa konkireyo, screed n'kukhala pa pulasitiki. Screed yotere sigwirana ndi kanthu pansi pake, imadziimira payokha, ndiye siyenera kuchepera mamilimita 50. Pamwamba pake padzabwera mamilimita atatu a simenti yosalazira ndi awiri a vinyl, zonse 55. Kuti Amayi asamapunthwe pakhomo pawo, m'kolido namonso mufike 55: screed 40, guluu 5, tailosi 10. Masamu amenewa tinawalemba pakhoma ndi pensulo kuti aliyense aziwaona. Zitseko zitatu zidulidwa kunsi.

Meyi, kumapeto

Screed ya nyumba yakale yathiridwa. Ndilemba mwatsatanetsatane chifukwa ntchito yonse yagona apa.

Ngodya yotsika ija ikanafuna mamilimita 60, pamene pakhomo pakufunika 25 okha. Screed yomatirira ku konkire ikapitirira kwambiri mamilimita 40 imakonda kupindika m'mbali n'kulekana ndi pansi. Choncho masiku angapo m'mbuyomu tinayamba tadzaza ngodyayo ndi konkire ya timiyala tating'ono.

Dzulo lake madzulo tinatsuka konkire yonse ndi bulashi ya waya n'kuinyowetsa kuti igone ikumwa madzi. Konkire youma imalanda madzi a screed, ndipo pamene ziwirizo zikumana pamakhala pofooka. M'mawa tinapukuta madzi onse oima ndi masaka, pansi n'kutsala ponyowa koma posanyezimira.

Amisiri anayamba ndi timilu ta screed m'ngodya ndi pakati, kamulu kalikonse kachidutswa ka tailosi pamwamba, koyezedwa kuchokera pa mzere wa pakhoma uja. Timiluto anatilumikiza ndi mizere ya screed, ndipo mizereyo ndi imene thabwa lowongola limatsetserekapo.

Tisanathire, timapaka phala la simenti ndi madzi, kulikhutiza ndi bulashi kuti lilowe m'maenje onse. Apa mpofunika maso. Phalalo likauma screed isanafike, m'malo momata limalekanitsa. Ndiye mnyamata wa bulashi amangopaka pamene tifikepo m'mphindi 15 kapena 20, osapitirira.

Nkhondo inali pa madzi. Anyamata osakaniza amafuna screed yofewa chifukwa imayenda mosavuta pa fosholo ndipo imasalala msanga. Amisiri amatapa ya m'wilibala iliyonse n'kufinya m'dzanja. Yabwino imagwirana n'kukhala mbulu, zala zitadindika, osatuluka dontho. Ikatuluka madzi pakati pa zala, wilibala imabwerera. "Madzi amene mukuwonjezerawa adzatuluka ndithu," anawauza, "ndipo potuluka adzasiya mabowo." Screed youma chonchi imafuna kutsindira mwamphamvu, ndipo anaimenya ndi thabwa lolemera mpaka chinyezi kuonekera pamwamba, kenako n'kudula ndi thabwa lowongola, kulikoka uku ndi uku.

Pabalaza ndi m'kolido tamaliza ndi chosalazira chathabwa, pamwamba n'kutsala pokhakhala pang'ono kuti guluu adzagwire. Kuchipinda kwa Amayi kokha ndi kumene chipande chachitsulo chinadutsa. Mnyamata wina anabwera ndi simenti youma m'mbale kuti awaze pamwamba monga amachitira posalaza simenti yofiira. Tinamuletsa. Zimaoneka zokongola tsiku limenelo, koma zimasiya kakhungu kopyapyala kamene kamadzasupuka pamodzi ndi tailosi.

Pa mng'alu wa pakhomo uja, amisiri anadula screed ndi chipande mpaka pansi, ndendende pa zizindikiro za pakhoma. Matailosi akadzafika pamenepo tidzasiya mpata wothira silikoni. Nyumba ikafuna kusuntha izisunthira pamenepo.

Tinamaliza kutada, anyamata manja atayera ndi simenti ngakhale anavala magolovesi. Ndinawagulira mafuta odzola.

Juni, pakati

Masiku 7 oyamba screed inali yofunditsidwa pulasitiki, mawindo otseka, palibe woponda. Anthu ambiri amaganiza kuti simenti imalimba chifukwa chouma. Si choncho. Imalimba chifukwa madzi akugwira ntchito ndi simentiyo mkati, ndipo mphamvu yake imayezedwa pa masiku 28. Ikauma msanga ntchitoyo imaima panjira. Ndiye sabata yoyamba timasunga madzi kuti asathawe, kenako timatsegula zonse n'kuyamba kudikira kuti madzi omwewo achoke. Kudikira kwachiwiriku ndi kumene kumavuta anthu.

Omanga amawerengera kuti screed imauma milimita imodzi patsiku pa mamilimita 40 oyamba, ndipo opitirira pamenepo amatenga masiku awiri iliyonse. Ya kuchipinda kwa Amayi, ya 50, ndi masiku 60 nyengo ikakhala yabwino. Koma kuno chiperoni chagwa. Phiri la Michiru silikuoneka, kamvula kakungowaza, zovala pachingwe sizikuuma. Mpweya wodzaza kale chinyezi sungalandire china kuchokera pansi. Dzuwa likatuluka timatsegula mawindo ndi zitseko zonse, nkhungu ikabwera timatseka. Wina anati tiike mbaula zamakala m'zipinda. Takana. Moto umaumitsa pamwamba pokha n'kung'alula, mkati muli chinyowere, komanso utsi wa makala m'nyumba yotseka umapha.

Achemwali anaimba Lamlungu. Chinkhoswe cha mwana wa achimwene aakulu chili kumapeto kwa Julayi, ndipo alendo adzafikira kuno.

"Achimwene, matailosi tinagula kalekale. Anthu adzaponda pa simenti ngati m'nyumba yosatha?"

Ndinawafotokozera kuti screed ikamauma imafupika pang'ono, pamene tailosi sifupika. Mukamata msanga, pansi pamakoka, matailosi amakankhana, ndipo tsiku lina mumangomva kuti phwaa, mzere wonse watukuka pakati pa balaza. Aliyense wa ife anazionapo m'nyumba za anthu, ndipo mlandu umagwera tailosi kapena woika, chonsecho vuto linali kuthamanga. Ndinawalonjeza kuti balaza ndi kolido zidzakhala zitatha chinkhoswe chisanafike. Za chipinda cha Amayi sindinalonjeze.

Amayi anali pambali akumva zonse. Anatenga foni n'kunena kuti, "Mwanawe, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine kuchipinda kwa alendo ndikugona bwino."

Juni, kumapeto

Tayendanso ndi nyundo. Paliponse ngwe ngwe, kupatula kamalo kamodzi kuseri kwa chitseko cha kolido, kukula ngati mbale. Amisiri anakadula ndi gulainda, n'kupakanso phala ndi kuthira ina.

Kusalala tayeza ndi chitsulo chowongoka cha mamita awiri, kuchigoneka uku ndi uku n'kusuzumira kunsi kwake. Matailosi athu ndi a 600 kwa 600, ndipo aakulu chonchi safuna mpata wopitirira mamilimita atatu pansi pa chitsulocho, apo ayi ngodya zake zimatsogolana n'kumakola zala. Malo awiri okwera tawapala ndi mwala. Tinakandanso pamwamba ndi msomali: ukungosiya kamzere koyera, osafukula mchenga.

Konkire ya kuseri yakwanitsa masabata ake 6, ndipo screed ya m'khitchini ndi m'bafa yathiridwa mwa njira yomweyo. Kusiyana kwake n'kwakuti m'bafa sitikufuna levulo. Pansi papendekera mamilimita 15 pa mita iliyonse kuloza potulukira madzi. Italimba tinakhuthula ndowa pakhomo, madzi onse n'kutsetsereka okha osatsala chithaphwi. Kupendekeka kumeneku kumapangidwa ndi screed; amene amati adzakonza ndi guluu poika matailosi amangounjika guluu wochuluka amene amadzatsika.

Julayi, pakati

Poyeza ngati screed yauma, pabalaza tinamata kachidutswa ka pulasitiki woonekera mkati, mamilimita 450 mbali zonse, tepi kuzungulira. Njira imeneyi imafuna maola osachepera 16, ife tinasiya mpaka mkuja wake. Pochotsa, kunsi kunali kouma ndipo screed sinasinthe mtundu. Tasesa, tapukuta fumbi ndi nsalu yonyowa, tapaka primer, mankhwala othandiza guluu kugwira, ndipo oika matailosi ayamba Lolemba. Tagwirizana kale kuti guluu azipaka ndi chipande cha mano pansi ponse, osati timibulu tisanu pa tailosi, ndipo m'mbali mwa khoma asiye mpata wa mamilimita 6 umene sikating'i ya m'munsi mwa khoma idzaphimbe.

Kuchipinda kwa Amayi pulasitiki yemweyo anatuluka ndi timadontho kunsi, screed itada pamene anali. Sipanaume. Ndipo ngakhale tsiku limene adzatuluke wouma sitidzakhulupirira pulasitiki yekha, chifukwa iye amangotsimikiza kuti panyowa, satsimikiza kuti pauma. Oika vinyl abwera ndi kabokosi kawo koyezera chinyezi, komata pansi, ndipo muyezo wa ku Britain wa ntchito yawoyo, BS 8203, umafuna kuti chinyezicho chisapitirire 75 peresenti. Simenti yosalazira ija tidzathira pokhapokha nambala imeneyo ikadzakwana, ndipo matumba ake sitinagule dala kuti asakhalitse.

Khitchini ndi bafa zikwanitsa masabata atatu sabata yamawa, kenako bafa lipakidwa mankhwala otchinga madzi pansi ndi m'munsi mwa makoma lisanalandire matailosi. Ndalama yotsala ikukwanira guluu, grout yotsekera mipata ya matailosi ndi malipiro a oika matailosi. Ya vinyl ndaisunga padera, ndipo malisiti onse ndawajambula, ndiwatumiza pa gulu lathu la WhatsApp madzulo ano. Tidzayezanso chipinda cha Amayi sabata yoyamba ya Ogasiti.